Zaka khumi ndi ngongole pamutu: yankho kwa mchemwali wofuna kukhala loya wa osauka ku America

Achemwali, imelo yanu ndaiwerenga mobwerezabwereza, ndipo zikomo pondilola kuti ndiyankhire pano, poti alipo ena amene amafunsa zomwezi chamumtima. Mwati mukumaliza sukulu ya zamalamulo, muli ndi green card, ngongole ya boma yayandikira madola 180,000, ndipo ntchito zakupezani ziwiri: ina ku bungwe loimira anthu osauka pa milandu ya nyumba, malipiro ake 62,000 pa chaka, ina ku kampani ya maloya yolipira kuwirikiza kawiri. Ndiye mwafunsa kuti, "Zoti boma limakhululuka ngongole pakatha zaka khumi n'zoona kodi? Nanga ndikadalira zimenezi n'kudzasintha, amayi kumudzi ndidzawauza chiyani?" Funso lachiwirilo landilasa, chifukwa nanenso ndinayenda nalo mumtima mu 2012.

N'zoona, lamulolo lilipo. Dzina lake ndi Public Service Loan Forgiveness, aliyense amangoti PSLF. Congress, nyumba ya malamulo ya America, inalikhazikitsa mu 2007 ndipo amene anasainira ndi Pulezidenti George W. Bush. Limati ukagwira ntchito m'boma kapena m'bungwe losachita phindu la mtundu wa 501(c)(3), maola osachepera 30 pa sabata, n'kulipira ngongole yako ka 120 mwezi ndi mwezi pa ndondomeko yovomerezeka, yotsalayo boma limafafaniza, ndipo boma lalikulu silidula msonkho pa ndalama yofafanizidwayo. Ine yanga inafafanizidwa mu 2023. Koma ndikangonena zimenezi n'kulekera pomwepo, ndakubisirani zambiri.

Ine ndinabwera kuno ndi lotale ya green card ija. Ntchito yanga yoyamba inali yosamalira okalamba, monga ambiri a ife timayambira: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza agogo usiku kuti asachite zilonda. Tinkagwira limodzi ndi mayi wina wa ana atatu, wobadwira konkuno, munthu wolimbikira kwambiri. Tsiku lina anabwera ku ntchito ndi zovala za ana ake m'mapepala a pulasitiki. Landilodi anali atamusumira kukhoti chifukwa cha lendi ya mwezi umodzi ndi theka, pamene iye anasiya kulipira dala poti m'nyumbamo munalibe chotenthetsera m'nyengo ya chisanu. Mlandu wake sunatenge ngakhale mphindi zisanu. Landilodi anali ndi loya, iye anali yekha, ndipo sankadziwa kuti zithunzi zimene zinali mufoni mwake zikanatha kumupulumutsa. Usiku umenewo tinasinthana pogona m'chipinda chopumira antchito, ndipo kuchokera pamenepo nkhani ya sukulu ya zamalamulo inandikhala pamtima.

Ndinalowa sukuluyo mu 2009. Fizi yake inali yoti ndikaitembenuza m'makwacha ndinkachita chizungulire, choncho ndinaleka kuitembenuza. Ku ofesi ya zachuma anatipatsa mafomu, tinasaina, ndalama zinabwera. Palibe anatiuza kuti ngongole za boma zinali za mitundu iwiri. Ina inali Direct Loan, yochokera ku boma lenilenilo. Ina inali FFEL, yochokera ku banki koma boma n'kukhala chikole chake. Ya FFEL inathetsedwa pakati pa 2010, koma ife amene tinalowa mu 2009 chaka choyamba chonse tinapatsidwa imeneyo. Ndipo PSLF imawerengera Direct Loan yokha.

Nditayamba ntchito ku bungwe lothandiza osauka pa zamalamulo, ndinaimbira foni kampani imene inkatolera ngongole yanga. Ndinawafotokozera kumene ndikugwira, ndinawauza kuti ndikufuna PSLF. Anandiyankha mwansangala kuti zonse zili bwino, ndizingolipira. Ndinalipira. Patapita zaka, kalata inabwera yonena kuti pa gawo lina la ngongoleyo palibe ngakhale mwezi umodzi umene unawerengedwa. Pa gawo linalo miyezi ina inasowanso, ati chifukwa nthawi ina anandiika pa forbearance, kutanthauza kupumira kaye kulipira, pamene ankakonza mapepala awo omwe. Ine sindinapemphe kupuma. Ndinkaimba foni pa nthawi ya nkhomaliro, ndili m'galimoto panja pa khoti, ndipo aliyense woyankha ankanena zakezake. Ine loya, wodziwa kuwerenga malamulo, Chingerezi ndikuchimva bwinobwino, koma ndinkalira m'galimotomo. Nanga mphunzitsi kapena namwino amene alibe nthawi yowerenga timalemba ting'onoting'ono tija zinkamuthera bwanji?

Zinkamuthera moipa, ndipo umboni ulipo. Anthu oyamba anakwanitsa zaka khumi mu Okutobala 2017. M'chaka chotsatira zinadziwika kuti pa anthu 100 aliwonse amene anapempha, pafupifupi 99 anakanidwa. Ena anali ndi ngongole ya mtundu wolakwika, ena anali pa ndondomeko yolipirira yolakwika, ena fomu inasowa siginecha pena pake. Congress inaika madola 350 miliyoni mu 2018 kuti ithandize amene anali pa ndondomeko yolakwika, koma nakonso ambiri anabwezedwa. Maloya ena anali ndi makalata m'manja owatsimikizira kuti kumene akugwira n'kovomerezeka, kenako Unduna wa Zamaphunziro unatembenuka n'kunena kuti makalatawo alibe ntchito. American Bar Association, bungwe la maloya a ku America, inasumira undunawo mu Disembala 2016, ndipo mu 2019 woweruza anagamula mokomera atatu mwa maloya anayi amene anali pamlanduwo. Tonse amene tinali pa mzere tinkawerenga nkhani zimenezi mmero utauma.

Chimene anthu sanena ndi mmene nambala ija imakulira pamene iwe ukulipira mokhulupirika. Tiyeni titenge zanu zomwezi. Pa ndondomeko ya IBR, yolipira ngongole malinga ndi zimene umalandira, munthu amene anayamba kukongola kuchokera mu Julayi 2014 amalipira 10 peresenti ya ndalama zimene zatsala akachotsa mlingo wa umphawi kuwirikiza kamodzi ndi theka. Mu 2025 mlingo wa umphawi wa munthu mmodzi unali madola 15,650, ndiye kamodzi ndi theka ndi 23,475. Mukachotsa pa 62,000 patsala 38,525. Gawo lakhumi la imeneyi ndi pafupifupi 3,850 pa chaka, kapena 320 pa mwezi. N'zotheka ndithu, mukhoza kukwanitsa. Koma chiwongoladzanja cha ngongole za sukulu zapamwambazi chafika pa 8 kapena 9 peresenti m'zaka zaposachedwa. Pa 180,000, ngakhale titawerengera 8, ndiye kuti 1,200 pa mwezi. Inu mukupereka 320, ngongole ikubala 1,200. Mwezi uliwonse imakwera, ndipo pofika chaka chachisanu ndi chiwiri mudzakhala ndi ngongole yoposa imene munatuluka nayo kusukulu. Ine ndinkalipira 15 peresenti poti ndinali wa gulu lakale, komabe yanga inkakwera chimodzimodzi.

Apa ndi pamene munthu umamangika. Chaka choyamba kapena chachiwiri ukhoza kusintha maganizo n'kupita ku kampani, osataya zambiri. Koma ukafika chaka chachisanu ndi chimodzi, kuchoka ndiye kunyamula ngongole yonse pamodzi ndi chiwongoladzanja chonse chimene chaunjikana. Ndinaona anzanga atatopa kotheratu, ena akudwala, ena ali ndi bwana wankhanza, koma osatha kuchoka m'gawo limeneli chifukwa patsala miyezi 30. Kwathu tikuwadziwa matenanti a m'maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji: amalima chaka chonse akudya chimanga cha ngongole, malipiro n'kumadikira kuti fodya akagulitsidwe ku okushoni, ndipo amene asunga buku la ngongoleyo ndi mwini munda yekha. PSLF imayenda chomwecho. Malipiro ako enieni ali kumapeto, ndipo buku lili m'manja mwa wina.

N'chifukwa chake mawu oti PSLF ndi mphatso amandipsetsa mtima. Ndawamva kwa andale, ndawamva pa wailesi, ndawamvanso kwa Amalawi anzathu pa zikondwerero za pa 6 Julayi: "Inu ndiye mwadyatu za boma." Sindinadye za munthu. Loya woyamba kumene ntchito ku makampani akuluakulu a ku New York ankalandira 225,000 pa chaka mu 2025. Woyamba ntchito ku mabungwe oimira osauka amalandira pafupifupi zimene akulonjezani inuzi. Onsewo anakhala m'kalasi imodzi, analemba mayeso amodzi a bar opezera chilolezo cha uloya, anakongola mofanana. Kusiyana kwa malipiro awo pa zaka khumi n'koposeratu ngongole iliyonse imene boma lingakhululuke. Dziko lino linasankha kusalipira mokwanira maloya a anthu osauka, ndipo m'malo mwake linawalonjeza kuti likawapepukitsa pambuyo. Ndiye chikafika chimenecho ndi malipiro ochedwa, ndipo palibe woyenera kuchita nacho manyazi.

Ndipo ndinene mosapsatira kuti njira imeneyi si yachilungamo, ngakhale ine inandithandiza. Imathandiza kwambiri amene anakongola zambiri, ndipo imapatsa mpata sukulu kuti zizikweza fizi zili phee, podziwa kuti boma lidzasenza. Imasiya pambali wogwira ntchito yomweyi amene anakongola ku banki wamba. Imasiyanso loya amene amaimira osauka m'milandu yaupandu pa kontirakiti ndi khoti, osalembedwa ntchito ndi boma, ngakhale anthu amene amawaimira ndi omwewo. Chilungamo chikanakhala choti loya wa osauka azilandira malipiro okwanira kubweza ngongole yake yekha, kapena kuti sukuluyo isamadule chotere. Koma inu simunafunse za dziko limene ndikulilakalaka, mwafunsa za limene mulimo.

Ntchitoyo payokha ndiikambeko, chifukwa popanda imeneyo masamu onsewa alibe tanthauzo. Kuno munthu akamangidwa pa mlandu woti akhoza kupita kundende, boma limayenera kumupatsa loya. Khoti Lalikulu linayala maziko a zimenezi mu 1963 pa mlandu wa Gideon v. Wainwright. Koma pa mlandu wothamangitsidwa m'nyumba, wolandidwa malipiro ndi okongoza, wopempha chitetezo kwa mwamuna womenya, m'madera ambiri ufulu umenewo palibe. M'makhoti a za anthu olowa m'dziko, ngakhale mwana akhoza kuima pamaso pa woweruza popanda loya. Mzinda wa New York ndi umene unayamba, mu 2017, kupereka ufulu wa loya kwa alendi osauka, ndipo malo ena ochepa atsatira. Legal Services Corporation, bungwe limene Congress inakhazikitsa mu 1974 kuti lizipereka ndalama ku maofesi ngati athu, linapeza mu 2022 kuti pa mavuto aakulu a zamalamulo 100 aliwonse amene osauka amakumana nawo, pa 92 sapeza thandizo lililonse kapena lokwanira.

Ine 92 ameneyo ndinkamuona ndi maso Lolemba lililonse m'mawa. Khonde la khoti limadzaza, amayi ndi ana kumbuyo kwawo, abambo ovala yunifolomu ya kuntchito amene ataya malipiro a tsikulo kuti abwere. Loya wa malandilodi amaima pakhomo ndi mulu wa mafayilo, n'kumaitana mayina mmodzimmodzi kuti asaine mgwirizano asanaonane n'komwe ndi woweruza. Ambiri amaganiza kuti munthu wa tayiyo ndi wa khoti. Amasaina. Ife tinali ochepa, ndipo tinkasankha oti tiwaimire podziwa kuti enawo tawasiya. Koma amene tawaimira, nkhani inkasintha pompo. Umafunsa ngati chidziwitso chinaperekedwa m'masiku oyenera, umatulutsa malisiti, umaonetsa lipoti la oyendera nyumba, ndipo banja limene likanagona m'galimoto sabata imeneyo limatsala m'nyumba mpaka ana atatsekera sukulu. Agogo ena amene tinawapulumutsira nyumba ankabwera ku ofesi Khirisimasi iliyonse ndi keke. Sindinakhalepo ndi tsiku lodzuka n'kumadzifunsa ngati ntchito yanga ili ndi phindu. Kutopa kokha ndiye kunalipo, kwambiri.

Tsopano za amayi anu.

Kumudzi akamva kuti mwana wa uje ndi loya ku America, nkhani yatha, umphawi wachoka pabanjapo. Simungawadzudzule. Amayi anga anagulitsa mbuzi ndi nandolo kuti ndimalize sekondale, ndipo anali ndi ufulu wonse woyembekezera. Mawu oti "ngongole ya sukulu" akamveka kwathu anthu amaganiza za ndalama zija ophunzira a ku Chancellor College kapena ku Poly amakongola ku boma, zimene ambiri kwa zaka zambiri sankabweza n'komwe. Ukawauza kuti yako ndi yokwana kumanga nyumba zingapo ku Area 47 amaganiza kuti ukuwamana mochenjera. Foni imalira: fizi ya mwana wa achimwene, feteleza, mankhwala a shuga, malata, maliro. Bambo anga atamwalira ndinakwera ndege ndi ndalama za pa kirediti kadi, ndipo ndinalipira ulendo umenewo kwa nthawi yaitali. Namondwe wa Freddy atakokolola midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, abale athu anataya nyumba ndi mbewu tsiku limodzi, ndipo onse anayang'ana kwa ine. Ndondomeko ya IBR imawerengera anthu a pabanja pako malinga ndi malamulo a kuno. Sidziwa kuti kuseri kwa nyanja kuli anthu khumi ndi awiri odya pa malipiro omwewo.

Ine ndinawakhazika pansi amayi anga pa foni n'kuwauza nambala zonse, osabisa. Ndinawauza zimene ndimalandira, lendi, ngongole, ndi zimene ndingathe kutumiza mwezi uliwonse popanda kulephera. Anakhala chete, kenako anafunsa kuti anthu amene ndimawaimirawo ndi otani. Nditawafotokozera za amayi othamangitsidwa m'nyumba ndi ana, anati, "Ndiye ku America nakonso kuli amphawi?" Kuyambira pamenepo anayamba kuwatchula m'mapemphero awo a ku Mvano. Sindikunena kuti amayi anu adzayankha chimodzimodzi, ndipo sindikunena kuti abale onse anamvetsa. Ena mpaka pano amandiona ngati munthu wouma manja. Koma ndalama yochepa yodziwika tsiku lake imathandiza pakhomo kuposa lonjezo lalikulu losadziwika, ndipo amayi ndi anthu oti akauzidwa zoona amadziwa kukonza.

Ndipo ngati kwanu zinthu zafika poti popanda malipiro aakuluwo wina asowa mankhwala, pitani ku kampaniko mutu uli m'mwamba. Ndimakwiya ndi anthu a m'mabungwe athu amene amanyoza wopita ku kampani, pamene iwo makolo awo anawalipirira sukulu ndi kuwagulira galimoto. Kudzipereka n'kosavuta ukakhala ndi pogwera. Ofesi zoimira osauka zadzaza ndi ana a anthu opeza bwino chifukwa chomwechi, ndipo PSLF, ndi zilema zake zonse, ndi khomo lokhalo limene mwana wa mlimi wa nandolo angalowere ntchito imeneyi.

Mmene yanga inathera

Mu Okutobala 2021 Unduna wa Zamaphunziro unatsegula mwayi wa chaka chimodzi, mpaka pa 31 Okutobala 2022, woti miyezi yonse imene munthu analipira ali pa ntchito yovomerezeka iwerengedwe, kaya ngongole inali ya FFEL, kaya ndondomeko inali yolakwika, bola aphatikize ngongolezo kukhala Direct Loan. Miyezi ya nthawi ya Covid, kuyambira Malichi 2020 mpaka 2023, pamene boma linaimitsa kulipira, nayo inawerengedwa ngati yolipidwa. Ndinatumiza mapepala onse amene ndinasunga m'katoni kuyambira tsiku loyamba. Mu 2023 ndinatsegula kompyuta n'kupeza ziro. Sindinakuwe kapena kuvina. Ndinangomva thupi lonse kulefuka, ndipo ndinagona tulo timene ndinali ndisanagonepo chiyambire ntchito. Pofika Okutobala 2024 anthu opitirira 1 miliyoni anali atakhululukidwa kudzera mu PSLF, pamene chisanafike 2021 anali masauzande ochepa chabe.

Musasokoneze zimenezi ndi chikhululukiro chija Khoti Lalikulu linakana mu Juni 2023 pa mlandu wa Biden v. Nebraska. Chimenecho chinali cha okongola ambiri posatengera ntchito imene amagwira ndipo chinachokera kwa pulezidenti. PSLF inalembedwa ndi Congress, ndipo kuti ithe pafunika Congress yomweyo. Maganizo oithetsa anabwerapo m'mabajeti a boma kangapo, osadutsa, ndipo ngakhale pamenepo ankanena za okongola atsopano.

Zimene zikundidetsa nkhawa lero

Mu Malichi 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo louza Unduna wa Zamaphunziro kuti uchotse mu PSLF mabungwe amene boma likuwaona kuti cholinga chawo chachikulu n'chophwanya malamulo. Undunawo unatulutsa ndondomeko yake kumapeto kwa Okutobala 2025, yoti iyambe kugwira ntchito pa 1 Julayi 2026, ndipo mwa zinthu zimene zatchulidwa muli kuthandizira kuphwanya malamulo a zolowa m'dziko. Mizinda, maboma a zigawo ndi mabungwe anasumira kukhoti mu Novembala 2025. Ine ndikuti ndondomeko imeneyi ndi yoipa. Loya woimira munthu wofuna chitetezo m'dziko muno sakuphwanya lamulo, akugwiritsa ntchito lamulo. Kupatsa nduna mphamvu yosankha kuti bungwe ili litumikira anthu, ili ayi, ndi kuopseza maloya achinyamata kuti athawe makasitomala amene boma la tsikulo silikuwakonda. Lero ndi obwera, mawa likadzalowa boma lina adzakhala ena. Ndipo mantha okhawo agwira kale ntchito, chifukwa inu mwandilembera imelo muli ndi mantha, pamene bungwe lanu ndi la milandu ya nyumba.

Palinso lamulo lalikulu la bajeti limene linasainidwa pa 4 Julayi 2025. Linati kuyambira Julayi 2026 Grad PLUS, ngongole ya boma ya sukulu zapamwambazi, ithe kwa okongola atsopano, ndipo wophunzira zamalamulo asamaloledwe kukongola ku boma zoposa 50,000 pa chaka kapena 200,000 yonse pamodzi. Kumene fizi ndi zofunika pamoyo zimaposa pamenepo, yotsalayo azikaipeza ku banki wamba, ndipo ya ku banki wamba PSLF siikhudza. Inu mwapulumuka poti mukumaliza. Azing'ono anu amene akubwera m'mbuyomu ndi amene ndikuwadandaula, makamaka ana a anthu obwera amene alibe wowasainira ku banki. Kunena za banki, abale athu amene ali kuno pa viza ya ophunzira ya F-1 asawerengere n'komwe za PSLF: ngongole ya boma imaperekedwa kwa nzika, a green card ndi magulu ena ochepa monga othawa kwawo, basi. Ndakumana ndi achinyamata amene anamva nkhaniyi pa WhatsApp n'kuyamba kukonza moyo wawo pa chinthu chimene sichiwakhudza.

Mwatchulanso zoti tsiku lina mukufuna kubwerera kwathu. Mtima umenewo ndikuudziwa. Ndikamva za ntchito ya Legal Aid Bureau, kapena ya ma paralegal, othandiza pa zamalamulo, a bungwe la PASI amene akhala akulowa m'ndende zathu kuyambira mu 2000 kuthandiza anthu okhalitsa pa rimandi, ndimalakalaka nditakhala ku Maula kapena ku Chichiri ndi fayilo m'manja. Koma dziwani kuti kugwira ntchito m'boma la Malawi, m'bungwe lolembetsedwa ku Malawi kokha, kapena ku United Nations sikuwerengedwa. Kumene kumawerengedwa ndi boma la America kapena bungwe la 501(c)(3) la ku America, ngakhale litakutumizani ku Lilongwe. Komanso green card siikonda munthu wokhalitsa kunja, choncho nkhani ya unzika muiganizire musanakwere ndege.

Ndiye nditakhala ine, ntchito ya ku bungweyo ndikanaitenga, ndipo ndikanachita izi. Lowani pa StudentAid.gov muone kuti ngongole iliyonse yalembedwa Direct. Pemphani EIN, nambala ya msonkho ya bungwelo, musanasaine kalata ya ntchito, muiike mu PSLF Help Tool pa StudentAid.gov pomwepo, mutsimikize kuti bungwelo ndi lovomerezeka. Lowani IBR, chifukwa ndondomeko ina yolipirira yotchedwa SAVE makhoti anaiimitsa mu 2024. Poti chaka chathachi simunalandire zambiri, zimene muzilipira pa ngongole miyezi yoyamba zikhoza kukhala ziro, ndipo ziro ameneyo amawerengedwa. Tumizani fomu yotsimikizira ntchito chaka chilichonse ndi nthawi iliyonse mukasintha ntchito, ndipo kalata iliyonse, lisiti lililonse, sungani kwanu. Akakuuzani pa foni za forbearance, funsani ngati mweziwo uwerengedwe, ndipo akuyankheni polemba. Makalata a makampani okunyengererani kuti musamutsire ngongole kwa iwo pa chiwongoladzanja chotsika, ng'ambani, chifukwa mukatero PSLF yatha ndipo sibwerera. Funsani kusukulu kwanu ngati ali ndi LRAP, thumba lothandiza omaliza maphunziro amene ali pa ntchito zotere, chifukwa m'sukulu zina limalipira 320 yonse ija. Mukadzakwatiwa, kaonaneni ndi wodziwa za msonkho musanalembe limodzi ndi amuna anu, poti malipiro awo akhoza kukweza zimene mumapereka. Miyezi 120 ija sikuti iyenera kutsatizana, ndiye mukapuma kapena mukapita kwina kwa kanthawi, imene munasonkhanitsa siitayika.

Ndipo ikani kangachepe pambali mwezi uliwonse, ngakhale madola 50, mu akaunti imene abale sakuidziwa, kuti tsiku limene bwana kapena thupi lidzakukanikani mudzathe kusintha ntchito osathamangira yoyamba kupezeka. Amayi aimbireni sabata ino, kalata ya ntchito isanasainidwe, muwauze nambala zonse monga mwandiuzira ine. Mukasankha mundilembere, ndipo ngati pa fomu yoyambayo pali pokusokonezani, itumizeni tidzaione limodzi.